Kuwala Kochokera M'pepala: Akatswiri a Utoto wa Madzi ndi Njira Zawo

Utoto wa madzi, umene m'masitolo a zipangizo za ojambula umadziwika ndi dzina la Chingerezi loti watercolour, umapangidwa ndi zinthu zitatu zikuluzikulu: ufa wopatsa mtundu, utomoni womata ufawo papepala, ndi madzi. Utomoniwo umachokera ku mtundu wina wa mtengo wa mthethe umene umamera kwambiri ku Sudan ndi m'maiko ena a m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, ndipo ntchito yake ndi kugwira ufawo kuti usagwe madzi akauma. Popeza utotowu umayala mopyapyala kwambiri, kuwala kumaudutsa, kumagunda pepala loyera, kenaka kumabwerera m'maso mwa woona kudzera mu utoto womwewo. N'chifukwa chake chithunzi chabwino cha mtundu umenewu chimaoneka ngati chikuwala chokha. Wojambula ndi penti wa mafuta akafuna mtambo woyera amangotenga penti woyera n'kupaka pamwamba pa thambo la buluu, pamene wojambula ndi utoto wa madzi ayenera kudziwiratu pamene mtambowo udzakhale asanaviike n'komwe burashi, ndipo malowo amawasiya osapaka.

Apa ndi pamene pagona kuvuta kwa lusoli. Munthu amayamba ndi mitundu yowala n'kumapita ku yoderapo, ndipo mtundu wakuda ukalowa m'pepala zimakhala ngati mchere wochuluka m'ndiwo: ungayese kuchepetsa, koma sungauchotse wonse. Madzinso ali ndi khalidwe lawo. Papepala lonyowa utoto umafalikira n'kusakanikirana ndi unzake popanda malire, pamene papepala louma umaima pomwe burashi yalekezera n'kusiya mzere wakuthwa m'mbali. Ine ndikamayang'ana ntchito za akatswiri a lusoli, ndimaona kuti kusiyana kwa kajambulidwe kawo kumachokera kwambiri pa mmene aliyense anayankhira mafunso awiri: madzi ndiwalole kuyenda okha mpaka pati, ndipo pepala ndilisiye loyera pati?

Albrecht Dürer wa ku Nuremberg, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1471 mpaka 1528, madzi sankawapatsa mpata waukulu. Chithunzi chake cha kalulu cha m'chaka cha 1502, chimene chimasungidwa ku nyumba ya zojambula ya Albertina mumzinda wa Vienna, chimaonetsa bwino njira yake. Anayamba ndi kuyala utoto wofiirira ndi wotuwa kuti thupi la nyamayo lioneke, kenaka anatenga burashi yosongoka n'kujambula ubweya umodziumodzi, motsata mmene ubweya wa kalulu umagonera: waufupi pamphuno, wautali m'nthiti, wofewa m'mphepete mwa makutu. Pomaliza anawonjezera timizere toyera ndi utoto wokhuthala wosaonekera mkati, kuti nsonga za ubweya zinyezimire. M'diso la kaluluyo muli kachithunzi ka zenera, kamene kamachititsa woona kukhulupirira kuti nyamayo ili m'chipinda ndipo ikupuma. Chaka chotsatira anajambula chidutswa cha dothi chomera udzu ndi zitsamba za m'thengo, ndipo anachita mosamala kwambiri moti akatswiri a zomera amatha kutchula dzina la chomera chilichonse. M'nthawi imene ojambula ambiri ankaona kuti zoyenera kujambula ndi oyera mtima ndi mafumu, iye anaona kuti udzu wamba ndi woyenera kuutayira nthawi yofanana.

Njira yosamalitsayi ndi imene anatsata ojambula za chilengedwe. Maria Sibylla Merian anachoka ku Amsterdam m'chaka cha 1699 kupita ku Suriname, ku South America, kumene anaweta mbozi n'kumaziyang'anira mpaka zitasanduka agulugufe, ndipo buku lake la m'chaka cha 1705 linaonetsa kachilombo kalikonse pamodzi ndi chomera chimene kamadya. Kwa anthu ngati iye utoto wa madzi unali chida chofufuzira, chifukwa umauma msanga ndipo umalola kulemba zinthu zing'onozing'ono duwa lisanafote.

Kumene lusoli linakula n'kukhala lodziimira palokha ndi ku England, ndipo zifukwa zake zina n'za zipangizo. James Whatman anayamba kupanga pepala losalala lopanda mizere ya chikombole, lokutidwa ndi guluu wochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, limene linkapirira kunyowetsedwa, kupukutidwa ndi kupalidwa popanda kung'ambika. M'chaka cha 1781 William Reeves analandira mphotho chifukwa cha timibulu touma ta utoto timene munthu ankatha kunyamula m'kabokosi, ndipo kampani ya Winsor & Newton, imene inakhazikitsidwa mu 1832, inabweretsa utoto wosauma gwa umene umasungunuka burashi yonyowa ikangoukhudza. Zimenezi zinachititsa kuti wojambula athe kutuluka m'nyumba n'kukakhala m'mbali mwa mtsinje. Mu 1804 ojambula ndi utoto wa madzi anakhazikitsa bungwe lawolawo ku London, chifukwa pa zionetsero za Royal Academy, bungwe lalikulu la ojambula mumzindawo, ntchito zawo zinkakolekedwa m'malo osaoneka bwino ndipo zinkayesedwa zotsika poyerekeza ndi za penti wa mafuta.

Poyamba chizolowezi chinali kujambula nyumba kapena phiri ndi mizere ya inki, kuika mithunzi yotuwa, kenaka n'kupaka mitundu pang'ono pamwamba. Anyamata awiri obadwa m'chaka chimodzi cha 1775, Thomas Girtin ndi J. M. W. Turner, ndiwo anathandiza kwambiri kuthetsa chizolowezichi. Onse awiri ankapita madzulo kunyumba ya dokotala Thomas Monro kukakopera zojambula za akatswiri ena, ndipo Girtin ndiye anayamba kumanga chithunzi ndi utoto weniweniwo, woyalidwa motakata papepala lokhakhala. M'chithunzi chake cha m'chaka cha 1800 cha mtsinje wa Thames madzulo, zonse n'zodera, madzi ndi thambo zomwe, kupatula kanyumba kamodzi koyera tsidya lina, ndipo kuyera kwa kanyumbako kwenikweni ndi pepala losiyidwa. Girtin anamwalira mu 1802 ali ndi zaka 27 zokha.

Turner anakhala ndi moyo mpaka 1851, ndipo m'zaka zonsezo anafikitsa utoto wa madzi pamene palibe amene anaufikitsapo kale. Ntchito yake yoyamba kuonetsedwa ku Royal Academy, mu 1790, inali ya utoto wa madzi, ndipo inali yosamala ngati ya wojambula mapulani a nyumba. Pofika m'zaka za m'ma 1840 anali atasinthiratu. Ankanyowetsa pepala lonse, kuthira mitundu kuti iyende yokha, kupukuta pena ndi kansalu kapena siponji kuti kuwala kubwerere, ndi kupala pena ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Chithunzi chake cha phiri la Rigi ku Switzerland m'mbandakucha, chimene anajambula mu 1842 ndipo tsopano chili ku nyumba ya zojambula ya Tate mumzinda wa London, n'choyenera kuchiyang'ana pafupi. Phirilo ndi labuluu ndipo lilibe mzere wolizungulira. Limangotuluka mu nkhungu ya panyanja ya Lucerne, ndipo munthu sangaloze pamene phiri lathera ndi pamene thambo layambira. Pamwamba pali nthanda, ndipo kadontho kowalako anakapanga popala utoto mpaka pepala litaonekera. Ukayandikira kwambiri umapeza kuti nkhungu imene imaoneka ngati inangochitika mwangozi yadzaza ndi timadontho ndi timizere tosawerengeka ta burashi yaing'ono. Ichi ndi chimene anthu ambiri otsanzira Turner amachiphonya: amaona madzi omasuka, koma saona ntchito yaikulu yowongolera imene inkabwera pambuyo pake.

John Sell Cotman wa ku Norwich anatenga njira yosiyana kotheratu. Iye ankayala utoto mosalala, kudikira kuti uume, n'kuyala wina pambali pake, kotero kuti mlatho, miyala ndi mitengo m'zithunzi zake za mtsinje wa Greta za cha m'ma 1805 zimaoneka ngati zidutswa zodulidwa bwino n'kulumikizidwa. M'moyo wake sanatchuke kwambiri ndipo ankadalira uphunzitsi, koma lero ntchito zimenezi zimaoneka zamakono modabwitsa.

Utoto wa madzi uli ndi mdani mmodzi wamkulu, ndiye kuwala komwe kumaukongoletsa. Ukakhala padzuwa nthawi yaitali umasuluka, makamaka mitundu yochokera ku zomera. Henry Vaughan, amene anasonkhanitsa ntchito zambiri za Turner, anasiyira nyumba ya zojambula ya ku Edinburgh zithunzi 38 ndi ya ku Dublin zithunzi 31 pamene anamwalira, ndipo analamula kuti zizionetsedwa m'mwezi wa Januwale wokha, pamene dzuwa la kumeneko limakhala lofooka. Lamuloli likutsatidwabe, ndipo mitundu ya zithunzizo idakali yowala.

Kabokosi ka utoto kopepuka kanapangitsanso kuti lusoli likhale la apaulendo, m'nthawi imene makamera anali olemera ndipo sankajambula mitundu. Thomas Baines wa ku King's Lynn analowa mu ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi mu 1858 monga wojambula komanso wosunga katundu. Anajambula Tete, anthu ake, ngalawa ndi mathithi a Kebrabasa, kumene lero kuli damu la Cahora Bassa, koma mu 1859 anachotsedwa ntchito atanenezedwa kuti wasakaza katundu wa ulendowo, mlandu umene iye anaukana mpaka imfa yake. Mu 1862 anafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) ndi James Chapman, ndipo zithunzi zake za mathithiwo zinasindikizidwa ku London mu 1865. Kajambulidwe kake ndi ka munthu wopereka lipoti: miyala, mitengo ndi zovala zimalembedwa momveka. Zithunzi zimenezi n'zamtengo wapatali kwa ofufuza mbiri ya chigwa cha Zambezi, komabe woona ayenera kukumbukira kuti zinajambulidwa kuti zikaonedwe ku Ulaya, ndi anthu amene ankayang'ana chigwacho ndi maso a malonda ndi ulamuliro.

Ku America, Winslow Homer anayamba ngati wojambula wa magazini ya Harper's Weekly, kumene ankatumiza zithunzi za nkhondo yapachiweniweni, ndipo utoto wa madzi anayamba kuugwiritsa ntchito mwakhama mu 1873 ku Gloucester. Atakhala pakati pa asodzi a ku Cullercoats ku England mu 1881 ndi 1882, ntchito yake inalemera ndi kuzama. Zithunzi zake za ku Bahamas ndizo zimaonetsa bwino mmene ankakhulupirira pepala: thanga la ngalawa, khoma la laimu ndi mchenga wa m'gombe nthawi zambiri ndi pepala chabe, ndipo dzuwa la kumeneko limamveka kutentha chifukwa pambali pa kuyerako anaika buluu wakuya ndi burashi yodzaza, kamodzi kokha, osabwerezanso. John Singer Sargent, amene anatopa ndi kujambula nkhope za anthu olemera ndi penti wa mafuta, ankapeza mpumulo mu utoto wa madzi ku Venice ndi m'mapiri a Alps. Iye sankasamala malamulo a amene ankati utoto woyera wokhuthala ndi chinyengo. Ankaugwiritsa ntchito, ndipo ankapakanso phula papepala kuti utoto uterereke n'kusiya timawanga towala ngati kunyezimira kwa madzi. Mithunzi ya pakhoma loyera ankaijambula yofiirira ndi yabuluu m'malo mwa yotuwa. Mu 1909 nyumba ya zojambula ya ku Brooklyn inagula zithunzi zake 83 nthawi imodzi.

Nkhani ya ojambula zithunzi za m'mabuku ndi yosiyana pang'ono, chifukwa iwo sajambulira khoma koma makina osindikizira. Chithunzi chawo chiyenera kupirira kuchepetsedwa, kukhala pambali pa mawu, ndi kufotokoza nkhani kwa mwana amene mwina sanadziwe kuwerenga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunafala njira yosindikizira imene inkagawa chithunzi m'mitundu itatu pogwiritsa ntchito kamera, ndipo kwa nthawi yoyamba kufewa kwa utoto wa madzi kunkatha kufika patsamba la buku mosasintha kwambiri.

Beatrix Potter anafika pa nthawi yabwinoyi atakonzeka kale. Asanalembe nkhani za ana anatha zaka zambiri akujambula bowa, ndere ndi tizilombo, nthawi zina akuyang'ana pa maikulosikopu, ndipo mu 1897 pepala lake la kafukufuku wa kameredwe ka bowa linaperekedwa ku bungwe la Linnean Society kudzera mwa mwamuna, chifukwa akazi sankaloledwa pa misonkhano yake. Zojambula zake zambiri za bowa zili ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Armitt m'tauni ya Ambleside. Buku lake la kalulu wotchedwa Peter Rabbit litatuluka mu 1902, luso la kafukufukulo linaonekera poyera. Kaluluyo wavala jekete la buluu, koma miyendo yake yakumbuyo, makutu ake ndi mmene amadzipindira akachita mantha ndi za kalulu weniweni, pakuti Potter ankaweta akalulu n'kumawajambula tsiku ndi tsiku. Zithunzi zake n'zazing'ono, za mitundu yofatsa, ndipo m'mbali mwake utoto umangozimiririka m'pepala loyera popanda mpanda. Ndimaona kuti mphamvu yake ili pa kusanamiza mwana za nyama: nyamazo zimavala zovala koma zimakhalabe m'dziko limene kalulu akhoza kugwidwa n'kudyedwa.

Arthur Rackham, wa m'badwo womwewo, ankadalira mzere wa inki. Ankayamba ndi pensulo, kudutsamo ndi cholembera cha inki, kenaka n'kuyala utoto wopyapyala kangapo, wofiirira, wotuwa ndi wobiriwira mozimiririka, mpaka chithunzi chitaoneka ngati chakale. Mitengo yake ili ndi mizu yopindika ngati zala ndi makungwa okhala ndi nkhope, ndipo mitundu yake yofatsayo inkagwirizana bwino ndi makina a nthawiyo, amene ankavutika ndi mitundu yowala kwambiri. Zithunzizo zinkasindikizidwa papepala losalala lapadera n'kumatidwa m'mabuku okwera mtengo amene anthu ankapatsana ngati mphatso nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe. Quentin Blake, wobadwa mu 1932 ndipo wodziwika ndi zithunzi za m'mabuku a Roald Dahl, amagwiritsa ntchito zipangizo zomwezo, inki ndi utoto wa madzi, koma zotuluka zake n'zotsutsana ndi za Rackham. Mizere yake imaoneka ngati yolembedwa mothamanga ndipo utoto umatuluka kunja kwa mizere. Kufulumirako n'kokonzedwa: amayamba ndi chojambula choyeserera, amachiika pa bokosi lowala pansi pa pepala labwino, kenaka amajambulanso ndi inki yosasungunuka m'madzi, akuona mwa apo ndi apo pamene dzanja kapena mphuno ziyenera kukhala, koma osalondola mzere uliwonse. Jerry Pinkney wa ku Philadelphia, amene anamwalira mu 2021, ankasiya mizere ya pensulo kuti izioneka pansi pa utoto, ndipo ankaunjika mitundu yambiri mu ubweya wa nyama imodzi. Mu 2010 analandira mendulo ya Caldecott, mphotho ya ku America ya ojambula zithunzi za m'mabuku a ana, chifukwa cha buku la nthano ya mkango ndi mbewa limene analiika m'chigwa cha Serengeti, ndipo nkhani yonse imayenda ndi zithunzi, popanda mawu ena kupatula kulira kwa nyama.

Wojambula amene nkhani yake imandikhudza kwambiri ndi Albert Namatjira, wa mtundu wa Arrernte wa pakati pa dziko la Australia. Anabadwa mu 1902 pa mishoni ya Lutheran ya Hermannsburg, kumadzulo kwa Alice Springs. Mu 1936 anaperekeza wojambula wachizungu Rex Battarbee monga woyendetsa ngamila, ndipo pa ulendowo anaphunzira kagwiritsidwe ntchito ka utoto wa madzi. Patangotha zaka ziwiri chionetsero chake choyamba ku Melbourne chinagulidwa chonse. Kajambulidwe kake kamadziwika msanga: kutsogolo kumakhala mtengo wa bulugamu wa thunthu loyera, kumbuyo mapiri a MacDonnell ofiira pafupi koma osanduka abuluu ndi ofiirira patali, ndipo pakati pamakhala chigwa chouma cha udzu wachikasu. Thunthu la mtengowo kwenikweni ndi pepala, lokhala ndi mithunzi yochepa yabuluu ndi yapinki, ndipo ankalijambula ndi mabala ake, mapindikidwe ake ndi zipsera za moto ngati akujambula munthu amene amamudziwa. Anthu a m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja, amene ankaganiza kuti pakati pa dziko lawo ndi chipululu chopanda mtundu, anaona kudzera mwa iye kuti kuli mitundu yochuluka.

Otsutsa ena a nthawi yake ankati wangotengera luso la azungu n'kusiya la makolo ake. Maganizo amenewa ndimawaona kuti ndi osazama. Chida chinali chachilendo, koma malo amene ankajambula anali dziko la bambo ake ndi la mayi ake, mapiri ndi zigwa zimene zili ndi maina, nyimbo ndi eni ake pa mwambo wa Arrernte, ndipo ankabwerera ku malo omwewo mobwerezabwereza monga munthu amene ali ndi udindo pa malowo. Kutchuka sikunamuteteze. Anakumana ndi Mfumukazi Elizabeth II mu 1954, ndipo mu 1957 iye ndi mkazi wake anamasulidwa ku malamulo amene ankapondereza eni nthaka anzake, kutanthauza kuti ankatha kuvota ndi kugula mowa pamene abale ake sankaloledwa. Chaka chotsatira anaweruzidwa kuti akakhale m'ndende pa mlandu wopatsa mowa m'bale wake, ngakhale kuti pa mwambo wawo munthu sangamane abale chimene ali nacho, ndipo anamwalira mu 1959. Ana ake, adzukulu ake ndi achibale ena anapitiriza kujambula m'njira yomweyo, ndipo gulu la ojambula a ku Hermannsburg lilipobe mpaka lero. Umwini wa zithunzi zake unagulitsidwa kwa kampani ina mu 1983 banja lake lisanafunsidwe, ndipo unabwezedwa kwa banjalo mu 2017 pa mtengo wa dola imodzi, patatha zaka zambiri adzukulu ake akumenyera nkhaniyi.